Filimu yanga ya mwana wobedwa ikugonetsa anthu tulo, ndalakwitsa pati?

"Zikomo akatswiri. Ndili m'gulu la achinyamata ochita zisudzo kuno ku Zomba, ndipo tikufuna kujambula filimu yathu yoyamba yaitali. Ndalemba nkhani ya mtsikana wa zaka 9, mwana wa bambo wina wa sitolo ya hadiweya, amene wabedwa akuchokera kusukulu. Akubawo akufuna K50 miliyoni. Muli mfuti, muli kuthamangitsana pa galimoto kawiri, pamapeto pali ndewu ndipo bambo akupulumutsa mwana wake. Koma nditawawerengera anzanga, pofika tsamba 30 ena anali atayamba kale kuseweretsa mafoni. Mmodzi anandiuza mosapsatira kuti aliyense akudziwa kale kuti mwanayo apezeka. Kodi chimene chimachititsa kuti munthu asaphethire poonera mafilimu otere n'chiyani? Ndiwonjezere mfuti, kapena ndingoisiya?" Mnyamata wa ku Zomba

Musaisiye, achimwene, komanso musawonjezere mfuti ngakhale imodzi. Vuto mwafotokozali limapezeka pafupifupi m'sikiriputi iliyonse yoyamba ya mtundu umenewu, ndipo limakonzeka popanda kutaya nkhani yonse. Mnzanu uja wakuthandizani, musamusungire chakukhosi. Kungoti ngakhale m'mafilimu otchuka kwambiri, oonera amakhala akudziwiratu kuti mwana apezeka, koma sachoka pampando. Chowakhazika ndi funso lina: kuti mwanayo apezeke, bambo ameneyu ataya chiyani, ndipo achita chiyani chimene dzulo akanalumbira kuti sangachite? Malinga ndi mmene mwalembera, bambo wanu ndi wolemera, ndi wolimba mtima, amakonda mwana wake, ndipo akudziwa chochita. Munthu wotere sagwira njakata. Akangomva uthenga, wanyamuka. Ife oonera tatsala ndi kudikira basi, ndipo kudikira n'kumene kumatulutsa mafoni m'matumba.

Ngati mungapeze filimu imodzi yokha yoti muonere muli ndi cholembera m'manja, ikhale High and Low ya Akira Kurosawa wa ku Japan, ya 1963. Ndi yakale, zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, koma pa nkhani mwafunsayi ndi sukulu yokwanira. Toshiro Mifune akusewera ngati Gondo, mmodzi wa akuluakulu a kampani yopanga nsapato, wokhala ku Yokohama. Anayamba ngati mmisiri wamba m'fakitale, wakwera ndi thukuta lake. Usiku umene nkhani ikuyamba, wapereka nyumba ndi zonse ali nazo ngati chikole, ndipo ali ndi cheke cha mayeni 50 miliyoni choti amalizire kugula masheya, alande ulamuliro wa kampani kwa anzake amene akufuna kuyamba kupanga nsapato zosalimba. Foni ikulira. Woimbayo akuti watenga mwana wake, akufuna mayeni 30 miliyoni. Gondo sakuganiza kawiri, alipira. Posakhalitsa mwana wakeyo akutulukira pakhomo ali bwinobwino. Wobedwa ndi mwana wa dalaivala wake, poti anawo anasinthana zovala posewera. Wakubayo akuimbanso kuti wazindikira kuti watenga mwana wina, koma Gondo alipirabe.

Filimu yagona pamenepa. Tonse timatha kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma Kurosawa akufunsa ngati ungabwereze mawuwo atakuuza kuti mtengo wake ndi ntchito ya moyo wako wonse. Gondo akalipira, wataya kampani, nyumba, ulemu. Akakana, palibe lamulo lomugwira. Koma dalaivala ali pomwepo pabalaza, wazyolika, kenako akugwada pansi kupempha bwana wake. Mkazi wa Gondo akuchonderera. Apolisi, amene alowa m'nyumba atavala ngati anyamata obweretsa katundu wa m'sitolo, aima m'mbali ali chete maso pansi, poti ndalamazo si zawo. Makatani ndi otseka chifukwa nyumbayo ili pamwamba pa phiri, ndipo wakubayo akuiona ali kumunsi. Pafupifupi ola lonse loyamba likuthera m'chipinda chimodzi chimenechi, popanda mfuti, popanda wothamanga. Ndipo poyamba Gondo akukana kwamtuwagalu. Wolemba wamantha akanamupanga kukhala woyera mtima kuyambira pachiyambi, filimu n'kufera pomwepo. Akasintha maganizo, salankhula mawu ambiri ayi. Akuitanitsa zida zake zakale zosokera nsapato, akukhala pansi, n'kuyamba kukonza yekha zikwama zonyamulira ndalamazo. Woonera akudziwa kuti munthuyu wabwerera kumene anayambira.

Chinthu china chimene chikuyankha mnzanu uja mwachindunji: m'filimu imeneyi mwana akupezeka wamoyo nkhani isanafike n'komwe pakati. Kwatsala nthawi yoposa ola, koma chidwi sichikuzirala, chifukwa tsopano tikufuna kudziwa ngati ndalama zibwerere angongole asanalande nyumba, komanso kuti munthu wodana ndi Gondo chonchi ndi ndani.

Tsono bwererani kwa bambo wanu wa hadiweya. K50 miliyoni azitenga kuti? Wabizinesi wotere sasunga ndalama zochuluka chonchi pansi pa matiresi. Chuma chake chili m'matumba a simenti, m'malata, m'lole, m'puloti, ndi m'ngongole zimene makontirakitala sanabweze. Kugulitsa lole m'masiku awiri ndiye kuti wogula wadziwa kuti wapanikizika, akupatsa theka la mtengo akumwetulira. Kubanki, ndalama zambiri sungangofika n'kutapa osadziwitsiratu, ndipo Lamlungu n'kotseka. Wakatapila alipo, koma akufuna mapepala a nyumba. Chilichonse mwa zimenezi ndi gawo la filimu, ndipo n'lotchipa kujambula kuposa kuthamangitsana pa galimoto. Koma musalekere pa kusowa ndalama. Pezani chinthu chimene bamboyu angazengereze nacho moona. Mwina ndi msungichuma wa kumpingo, ndipo ndalama zomangira tchalitchi zili m'manja mwake. Mwina sitoloyo ndi ya awiri ndi mchimwene wake, amene nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Mwina munthu yekhayo amene angamubwereke ndalama mwachangu ndi amene iye anamulanda malo zaka zapitazo. Mwina mwana wobedwayo ndi wa kunja kwa banja, mayi wa kunyumba sakumudziwa. Sankhani chimodzi chokha, chimene chikukupwetekani inuyo pochilemba. Mukaika zonse zinayi ikhala nthabwala.

Ndalamazo muzionetse. K50 miliyoni m'ma K5,000 ndi mapepala 10,000, mitolo 100 ya mapepala 100, yolemera pafupifupi makilogalamu 10. Sizilowa m'envulopu monga mmene olemba ambiri amachitira. Banja lizikhala pansi usiku n'kumawerenga, zina zakuda zochokera kumsika, zina zatsopano zochokera kubanki, n'kupeza kuti zaperewera K6 miliyoni kutatsala maola asanu.

Zatifikitsa pa nthawi. Filimu yotere imafuna wotchi imene woonera akuimva. Mu Taken ya 2008, bambo akuuzidwa kuti ali ndi maola 96 mwana wake asanasoweretu, ndipo nambala imeneyo ndi imene ikukoka filimu yonse. Nenani malire anu kamodzi, momveka bwino, tsamba 20 lisanakwane. Kwa inu masiku awiri kapena atatu ndi abwino: nkhani imakhala yothina, komanso zovala ndi malo ojambulira sizichuluka. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: wakuba akuti pofika 6 koloko madzulo, 6 koloko ikukwana, palibe chochitika, akungoimbanso n'kupereka nthawi ina. Zikatero kamodzi kokha, woonera wasiya kumuopa. Nthawi ikadutsa, china chake chitayike. M'nkhani yeniyeni ya John Paul Getty III, mnyamata wa zaka 16 amene anabedwa ku Rome mu 1973, akuba anafuna madola 17 miliyoni, agogo ake amene anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko anakana, ndipo patapita miyezi akubawo anatumiza khutu la mnyamatayo ku nyuzipepala. Inu simukufunika kufika pamenepo, makamaka poti wanu ndi mwana wamng'ono. Mtengo ukhoza kukwera. Akhoza kutumiza nsapato imodzi ya kusukulu. Choopsa kuposa zonse n'chakuti foni ingoti zii tsiku lathunthu, banja litazungulira tebulo, aliyense akuyang'ana ngati netiweki ilipo.

Ndi bwinonso kukhala ndi wotchi yachiwiri yosachokera kwa wakuba. Ya mwana wodwala amene wasiya mankhwala kunyumba yagwiritsidwa ntchito mpaka kutha mphamvu, ndiye ipeweni ngati mungathe. Mu Prisoners ya Denis Villeneuve, ya 2013, apolisi agwira mnyamata amene akumuganizira, koma alibe umboni, ndipo pakatha maola 48 ayenera kumumasula. Bambo wa mwana wosowayo akumuba mnyamatayo n'kuyamba kumuzunza kuti aulule. Woonera akukhala pakati: akumumvera chisoni bamboyo, koma akunyansidwa naye, ndipo sakudziwa ngati wozunzidwayo ndi wolakwa. Lamulo la maola 48 lilinso m'malamulo aakulu a dziko lathu, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitika m'dera anthu akamva kuti amene amamuganizira uja watuluka. Mphekesera ya pa WhatsApp, chala cholozedwa kwa mlonda kapena wakabaza amene amanyamula mwanayo, gulu la anthu pakhomo pake ndi miyala. Bambo wanu akhoza kuwaletsa ndi mawu amodzi. Awaletsa?

Tsopano za amene akudziwa chiyani. Alfred Hitchcock, katswiri wakale wopanga mafilimu, ankapereka chitsanzo cha bomba lobisika pansi pa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi anthu akucheza, woonera adzidzimuka kwa masekondi 15. Koma mukamuonetsa bombalo pachiyambi, n'kumuuza nthawi imene liphulike, macheza omwewo amukhazika mtima uli m'mwamba kwa mphindi 15. Olemba atsopano amakonda kubisa wakuba mpaka tsamba lomaliza, poganiza kuti chinsinsi ndiye chidwi. Nthawi zambiri kuulula msanga kumapindula kwambiri. Mu Ransom ya 1996, oonera akudziwa msanga kuti mtsogoleri wa akuba ndi wapolisi, pamene banja silikudziwa. Mu Fargo ya chaka chomwecho, wokonza zoti mayi abedwe ndi mwamuna wake yemwe, ndipo tikudziwa zimenezi kuyambira gawo loyamba. Kwathu kuno muli ndi mwayi umene olemba a kunja alibe: pakagwa vuto, nyumba imadzaza. Achibale, a kumpingo, oyandikana nawo, onse abwera kudzakhala nanu. Tionetseni wakubayo cha pa tsamba 25, kenako pa tsamba 30 akhale pa mpando wa pabalaza pomwepo, akumwa tiyi, akupepesa, akumva zonse zimene banja likupangana ndi apolisi. Kuyambira pamenepo, mawu alionse amene mayi angalankhule mokweza akhala ngati moto kwa woonera. Ngati mukufunabe kusunga chodzidzimutsa chimodzi cha kumapeto, chibzalidwe kawiri kapena katatu m'mbuyomo, kuti munthu akaonera kachiwiri aziti ndinaphonya bwanji. Chotulukira kuchokera kumwamba chimangokwiyitsa.

Wakubayo akhale munthu, osati chigoba chovala magalasi akuda. Akufuna chiyani ndi ndalamazo, ndipo n'chifukwa chiyani wasankha banja limeneli? Wa kwa Kurosawa ndi mnyamata wophunzira udokotala, wokhala m'kachipinda kotentha kumunsi kwa phiri, amene tsiku ndi tsiku amadzutsa maso n'kuona nyumba ya Gondo pamwamba. Sitikumukhululukira, koma tikumumva. Ngati akubawo ndi gulu, asapitirire atatu, ndipo asakhulupirirane. Ndani akuphikira mwanayo? Ndani akukagula mayunitsi? Ndani ali ndi mwana wamsinkhu womwewo kunyumba? Ndani mwanayo wamuona nkhope, ndipo anzake akuti tichite naye chiyani tsopano? Kumbukirani Tsotsi ya ku South Africa, ya 2005, imene inapata mphoto ya Oscar: chigawenga chikupeza khanda m'galimoto imene chalanda, chikulidyetsa mkaka wa m'chitini, n'kubwerako kupeza nyerere zili pankhope pa khandalo. Kusunga mwana wa eni ake ndi ntchito, ndipo m'ntchitomo ndi mmene mumatuluka mikangano.

Mafoni ndiwo msana wa filimu yanu, ndiye musawalembe mwachisawawa. Anayi kapena asanu akwanira. Foni iliyonse isinthe china chake: mtengo, malo, nthawi, kapena amene ali ndi mphamvu. Zizikhala ngati bawo, uyu wasewera, uyo wabwezera. Akamasewera mmodzi yekha palibe amaima kuonerera. Poyamba wakuba ndiye akulamula. Pa foni yachiwiri banja lifune umboni woti mwana ali moyo, ndipo chithunzi sichikwanira poti chikhoza kukhala cha dzulo. Afunse funso limene mwana yekhayo angayankhe, monga dzina limene agogo ake amamuitanira. Pa yachitatu bambo achite chinthu chosayembekezeka, adule foni yekha kapena akane malo. Yachinayi wina alakwitse. Samalaninso phokoso la kumbuyo. Apolisi a mu High and Low akumvetsera mobwerezabwereza mawu amene anajambula mpaka kuzindikira kulira kwa sitima inayake yamagetsi ya m'mbali mwa nyanja. Kwa inu likhoza kukhala phokoso la chigayo, azana a kumzikiti, kapena kondakitala woitanira malo enaake. Zakuti "musungeni pa foni mphindi imodzi kuti timupeze" zisiyeni, n'za nthawi ya lamya zamawaya. Lero aliyense m'holo akudziwa kuti ma SIM amalembetsedwa, ndipo afunsa kuti bwanji sakungofufuza nambala. Muyankhe funsolo m'filimu momwemo ndi chiganizo chimodzi chomveka.

Ngati mukukayika kuti foni yokha ingagwire anthu, onerani Den skyldige ya ku Denmark, ya 2018. Mphindi pafupifupi 85, zonse m'maofesi olandirira mafoni angozi, ndipo mayi amene akuti wabedwa sitikumuona ngakhale kamodzi. Tikungomumva. Phunziro kwa gulu lopanda ndalama ndi lakuti maikolofoni yabwino ndi munthu wodziwa kuigwira n'zofunika kuposa kamera yachiwiri. Chithunzi chofooka anthu amapirira, koma mawu osamveka amathawitsa.

Mtsikana wanu asakhale katundu wongosamutsidwa. Tipatseni mphindi zisanu mpaka zisanu ndi zitatu tili naye asanabedwe, ndipo asakhale mngelo. Azikhala ndi kamwano pang'ono, anamize mayi ake za ndalama ya mandasi, akangane ndi bambo ake m'mawa womwewo pa nkhani yopanda pake, kuti mawu omaliza amene bambo anamuuza azimuwawa. Akabedwa, achitepo kanthu molingana ndi msinkhu wake: awerenge mahampu a pamsewu, asunge dzina limene wamva, akane kudya, apalane ubwenzi ndi wofooka mtima pagululo. Mu High and Low, mwana wa dalaivala uja atapezeka akujambula chithunzi cha zimene ankaona ali kobisidwako, nyanja ndi phiri la Fuji, ndipo chikuthandiza kupeza nyumbayo.

Gawo loperekera ndalama ndi limene anthu adzalikumbukire, choncho lipatseni masamba 8 mpaka 12. Lamulo lake ndi ili: woonera adziwiretu pulani, kuti ikayamba kusokonekera aone yekha popanda womuuza. Tidziwe amene wabisala pati, chizindikiro ndi chiti, ndani sayenera kuoneka. Kurosawa anachita mochenjera. Wakuba analamuliratu kuti zikwama ziwirizo zisanenepe kupitirira masentimita 7, ndipo palibe amene anadziwa chifukwa chake. Gondo ali m'sitima yothamanga, apolisi ali momwemo, akuyembekeza kuti ndalama ziperekedwa pa siteshoni. Foni ikulira m'sitimamo: mwana amuona pawindo asanafike pa mlatho, ndipo akangowoloka aponye zikwamazo kudzera pa windo la kuchimbudzi, lokhalo limene limatseguka, ndipo limatseguka masentimita 7 basi. Sitima siima mpaka patali. Apolisi onse aja angotsala ndi kujambula zithunzi pawindo. Inu mulibe sitima yotere, koma nzeru yake ndi yomweyo: lamulo laling'ono looneka lopanda tanthauzo pa tsamba 35, limene tanthauzo lake likuonekera pa tsamba 55 nthawi itatha kale. Depoti ya mabasi, msika wa tsiku la msika, ngakhale maliro, onsewa ndi malo amene munthu wonyamula chikwama amasowa m'chigulu.

Kuthamangitsana pa galimoto kuja, chotsani kumodzi, mwinanso konse. Kumadya mafuta ndi masiku, n'koopsa popanda madalaivala ophunzitsidwa ntchito imeneyo, ndipo oonera anu akuyerekeza ndi zimene anaona m'mavidiyo sho za anthu amene anawononga mamiliyoni a madola. Pamenepo simungapambane. Pa nkhani ya malume amene akuti tiuze apolisi pamene mayi akuti mukatero mwandiphera mwana, palibe wa kunja angakuposeni.

Apolisi anu asakhale zitsiru komanso asakhale angelo. Mupatseni wofufuzayo nzeru, ndi chinthu chimodzi chomulepheretsa. Chofuna chake chisiyaneko ndi cha banja: iye akufuna mwana ndi wakuba yemwe, banja likufuna mwana basi.

Mathero a ndewu amene mwalembawo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Ngati bambo akupulumutsa mwana chifukwa ali ndi zibakera zolimba, ndiye kuti zonse za m'mbuyo zinalibe ntchito. Chipulumutso chichokere pa chinthu chimene anasankha, kapena chimene mwanayo anachita, kapena mng'alu umene unayamba kale pakati pa akubawo. Ndipo ngongole ilipidwe. Ngati anatenga ndalama za mpingo, tione Lamlungu lotsatira. Gondo akumaliza filimu akugwira ntchito pa kakampani kakang'ono ka nsapato, ndipo gawo lomaliza ndi iye ndi wakuba uja kundende, galasi lili pakati pawo.

Polembanso, werengerani kuti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi, ndipo mulinge masamba 85 mpaka 95. Mwana abedwe pakati pa tsamba 10 ndi 15. Cha pa 45 pachitike chinthu chotembenuza nkhani, monga kulephereka kwa ulendo woyamba wopereka ndalama. Cha pa 70 bambo akhale atataya chimene ankachiteteza, mwana asanamupeze. Kenako tengani gawo lililonse mufunse kuti ndani akulowa akufuna chiyani, ndipo akutuluka zinthu zitasintha bwanji. Gawo limene anthu akungolira kapena kubwereza zimene tamva kale, lichotseni ngakhale mumalikonda. Kulira kumagwira mtima kamodzi kapena kawiri, kachitatu anthu amayamba kuseka.

Pali zoopsa zina zosakhudza luso. Musatenge nkhani yeniyeni ya banja lodziwika n'kungosintha mayina. Dziko lathu ndi laling'ono, anthu azindikira, mutsegula mabala komanso mukhoza kusumiridwa. Kubedwa kwa anthu achialubino, kumene kunakula kuyambira cha mu 2014, ndi chilonda chimene sichinapole. Mukafuna kuchikhudza, khalani pansi ndi eni ake poyamba, ndipo musachisandutse chokometsera filimu. Mwana amene asewere gawoli akhale ndi chilolezo cholembedwa cha makolo, kholo likhalepo pojambula, asamangidwe zolimba kapena kutsekeredwa zenizeni, ndipo magawo oopseza mujambule wamkuluyo payekha, nkhope ya mwana payokha, mudzalumikize pokonza. Musanajambule pamsewu gawo lokokera mwana m'galimoto, kapena lililonse lokhala ndi mfuti yachidole kapena yunifolomu, kadziwitseni apolisi a m'deralo ndi amfumu, ndipo pakhale anthu anu ouza odutsa kuti ndi sewero. Wodutsa sadziwa kuti pali kamera, ndipo wosewera wanu akhoza kuvulazidwa ndi anthu ofuna kuthandiza.

Thandizo lina mulifune pa nthawi yake. Mukamaliza kulembanso, musawawerengere nokha anzanu aja. Gawani magawo kwa osewera, muitane anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi osadziwa nkhaniyo, inu mukhale kumbuyo ndi sikiriputi, muzilemba chizindikiro pa tsamba lililonse limene wina wagwira foni kapena wayasamula. Pa tsamba 30 ndi 60 imitsani, muwafunse chimene akuganiza kuti chichitika ndi chimene akuopa. Akayankha chimodzimodzi onse ndipo alondola, pakufunika ntchito. Akayamba kutsutsana okhaokha za chimene bamboyo ayenera kuchita, mwafika. Magawo a apolisi muwapereke kwa wapolisi wopuma ntchito amene anagwirapo za ufufuzi, a kubanki kwa munthu wa kubanki. Ngati mwalembanso kawiri koma anthu akutayikirabe pamalo omwewo, pezani wolemba mafilimu kapena mphunzitsi wa zisudzo amene si mnzanu, ndipo poti muli ku Zomba, ku yunivesite kuli anthu a ntchito imeneyi. Za umwini wa nkhani yanu kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, musanayambe kuigawa kwa ofuna kuthandiza ndi ndalama, ndipo za chilolezo choonetsera filimu pagulu mukafunse ku Censorship Board kujambula kusanayambe, kuti musadzauzidwe kudula gawo mutawononga kale ndalama.